Chitsime Sichinali Apo

Tsitsi la amayi linakhala m'chitini cha mabisiketi
zaka makumi atatu ndi zinayi,
nkhata imodzi yakuda bii, yomanga ndi kaulusi kofiira.
Analidula sabata imene anayamba ntchito kufakitale ya nsalu ku Dongtai,
kuopa kuti makina angalikoke
monga anakokera la Miao Cuiying wa pamzere wachitatu.
Wogula tsitsi anabwera panjinga, analiika pasikelo, anatchula mtengo.
Amayi anakana. Chifukwa sananene.

Ndalichapa katatu, ndaliyanika pamthunzi,
tsopano ndikulisankha limodzilimodzi pansi pa nyale.
Ulusi umamva. Ili ayi:
limapulumuka m'zala, limakana mfundo,
likadali ndi kupindika kwa m'chitini,
ndipo likamaduka silichenjeza.
Tsiku likandikomera ndimapeta malo ongokwana chikhadabo.

Ndikupeta mudzi wawo pansalu ya silika,
mabwalo owumitsira mchere, ngalande, mabango,
nyumba zisanu ndi ziwiri zimene ndinazisiya ndili ndi zaka zitatu.
Lero padutsa msewu waukulu wa magalimoto opita kudoko.
Chithunzi cha mudziwo palibe.
Ndili ndi zokhazo zimene ankanena posenda adyo, ine ndisakumvetsera bwino.

Lakuda lakhala madenga ndi ngalande.
Loyera la mchere ndimalitola m'chipeso m'mawa uliwonse
ndikamawapesa, iwo maso ali pawindo,
kundifunsa ngati ndine namwino watsopano.
Ndimati, ndine Qiaoyun, mwana wanu.
Amati, zikomo anamwino, dzanja lanu n'lofewa.

Lakuda linatha mlatho usanafike tsidya.
Ndinazula langa, kuseri kwa khutu kumene sikuoneka.
Penapake pakati pa mlathowo lawo lathera, langa layambira,
koma ngakhale ndi galasi lokuzira sindipapezanso.

A ku Shanghai aimba foni kawiri.
Khoma akonza, magetsi alozetsa, kapepala ka m'munsi asindikiza:
tsitsi la munthu pa silika, masentimita 60 m'litali.
Akuti ndilembe mawu ochepa okhudza cholowa cha makolo.
Ndalemba, ndafufuta, ndaphika tiyi, wazirala.

Lachiwiri madzulo ndinaika felemu pamiyendo pawo
kuti ndingowajambula nayo.
Anaiyang'ana mmene amayang'anira mapiritsi.
Kenako chala chinatsika.
Chinatsata ngalande, chinawoloka mlatho,
chinakhota panyumba ya a Zang,
chinaima.

"Chitsime sichinali apo.
Chinali kuseri kwa khola la abakha.
Iwe Qiaoyun unaponyamo nsapato yako,
tinamwa madzi onunkha mphira sabata yathunthu."

Ndinakhala chete, mpweya ndaugwira
ngati pamene tsitsi lili pakhomo pa diso la singano.
Iwo anakankha felemu n'kufunsa
kuti chakudya chibwera nthawi yanji muno m'chipatala.

Chitsimecho chinandidyera masabata atatu.
Usiku womwewo ndinayamba kuchimasula ndi nsonga ya singano,
osadula, poti lina lakuda la amayi kulibe.
Likutuluka lopotanapotana, lotopa,
ndikuligoneka pambale yoyera, kuliwerenga.
Silika sabisa pamene walasidwa:
ukakweza nsalu poyang'ana nyale,
timabowo tikuoneka mozungulira ngati mapazi a nyerere,
chitsime changa chabodza, chouma.
Ndichisiya choncho.

Ndauza a ku Shanghai kuti khoma lawo lidikire.
Mtsikana wa pafoni wafunsa, mpaka liti?
Ndati sindikudziwa,
chifukwa khola la abakha palibe pansalu yanga,
ndipo pamene linali sanandiuzepo.

Chipeso ndachiika pafupi ndi felemu.
Mawa m'mawa ndikamawapesa
ndiyamba ndi abakha, pang'onopang'ono,
ngati namwino wongofuna kucheza:
munali nawo angati, amayi,
nanga madzulo ankalowera mbali iti?